Nazale Imene Achemwali Anasiya

Ndinali mtsikana wosalankhula. Kusukulu ya asisitere kumene ndinkaphunzira, anzanga ankati ndikatsegula pakamwa ndiye kuti ndikuyasamula. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kabuku kachikuto chofiira, ndipo chizolowezi chimenecho chinandiphunzitsa kuyang'anitsitsa nkhope za anthu. Zimene ndikusimba pano ndinaziona ndili Fomu 2, chaka chimene achemwali anga anatsala pang'ono kupeza ntchito.

Kwathu ndi ku Nachisaka, m'boma la Dowa. Bambo ankalima chimanga, mtedza ndi fodya pang'ono, ndipo Lamulungu ankayambitsa nyimbo m'katchalitchi kathu ka udzu. Achemwali ndiwo anali oyamba m'mudzi mwathu kufika ku yunivesite, ndipo ankaphunzira zaulimi. Pamene ankapita kukayamba, aliyense ankadziwa mmene zinthu zimayendera. Ukamaliza, boma limakuitana, limakupatsa nyumba ndi njinga yamoto, n'kukutumiza kukalangiza alimi. Amayi anali atapatula kale mbale ndi makapu oti adzawapatse akamakalowa m'nyumba ya bomayo. Anazikulunga m'chitenje n'kuziika pansi pa bedi.

Kenako kunabwera matipate. Anthu anavota, nsalu za zipani zinadzaza m'misika, ndipo amuna anayamba kutsutsana mokweza mawu pa zinthu zimene kale ankangonong'onezana. Pakati pa phokoso lonselo, ntchito za boma zinangouma mwakachetechete. Ife sitinazimve pa wailesi. Tinangoona mnyamata wina wa ku Mtengowanthenga, amene anamaliza maphunziro omwewo achemwali asanamalize, akukwera ndi kutsika maminibasi a ku Lilongwe atavala tayi, mpaka nsapato zake zinayamba kuseka.

Achemwali anatiuza kuti ku yunivesite atsegula ofesi yatsopano yothandiza ophunzira kupeza ntchito. Kanali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde, ndipo munkakhala mayi mmodzi yekha ndi telefoni. Mayi ameneyu sanali mphunzitsi. Ntchito yake inali kuyenda m'makampani ndi m'maesiteti kupempha malo oti ophunzira akayesereko ntchito pa holide. Achemwali ankawakonda. Ankati ndi munthu yekhayo kumeneko amene anawafunsapo kuti, "Nanga mukamaliza mukapita kuti?"

Holide yaitali itayamba, achemwali anabwera kunyumba ali chete kuposa masiku onse. Chinali chitatsala chaka chimodzi kuti amalize. Tikuchapa kuchitsime, anaika sopo pamwala n'kundiyang'ana.

"Iwe, ndavomera kawiri," anatero.

Sindinamve tanthauzo lake, ndiye anandifotokozera. Aphunzitsi awo aakulu, amene ankawatchula kuti adokotala ngakhale sankachiza anthu, anawapatsa kafukufuku woti achite pa holide imeneyo. Anayenera kuyenda khomo ndi khomo kwathu konko ku Nachisaka, kufunsa alimi za matenda a mtedza ndi mmene amasungira mbewu. Popanda kafukufuku ameneyo kunalibe digiri. Achemwali anati eya. Sabata yomweyo amayi a ku ofesi anawaitana. Esiteti ina ya fodya kumunsi kwa mapiri a Ntchisi inkafuna wophunzira woti akayang'anire nazale, kuyambira pofesa mpaka powokera mvula ikagwa. Amanijala analonjeza kuti munthuyo akaonetsa luso, adzamulemba ntchito akamaliza sukulu. Achemwali anatinso eya.

"Nanga simunawauze amayiwo za mtedza?" ndinafunsa.

"Ndinawauza. Anati alankhula ndi aphunzitsi kuti andimasule."

"Nanga adokotalawo?"

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti amayi a ku ofesi anena zina? Iwe ungapite kwa amalume kukawauza kuti bambo akutsutsana nawo?"

Sindikanapita, ndipo ankadziwa zimenezo. Tinaleredwa choncho. Kwathu mwana amene watenga mawu a munthu wamkulu n'kukawatula kwa wamkulu mnzake amatchedwa wodanitsa. Akuluakulu amakumana okha n'kukambirana, mwana amadikira kuti auzidwe zimene agwirizana. Achemwali anadikira mpaka tsiku lotsekera, ndipo poona kuti adokotala sanawaitane, anaganiza kuti nkhaniyo yatha bwino.

Bambo atamva za esiteti anasangalala kwambiri moti anayimba nyimbo ya kutchalitchi ali pakhonde. Za kafukufuku sanauzidwe, chifukwa achemwali ankaona ngati palibenso chonena. Chinthu chimodzi chokha ndicho bambo anakana.

"Mtsikana wosakwatiwa sangakakhale yekha pakati pa amuna a pa esiteti. Upite ndi mng'ono wako."

"Bambo, ameneyu akanditeteza bwanji? Ngakhale nkhuku imamuopseza," anatero achemwali.

"Safunika kumenya munthu. Angokhalapo basi."

Choncho ndinapita. Tinakwera lole ya chimanga mpaka pamphambano ina, kuchoka pamenepo tinayenda pansi. Inali nyengo yamphepo ndi fumbi, udzu wa m'mapiri utapsa, ndipo phulusa linkatigwera m'tsitsi. Esitetiyo inali m'chigwa. Zigafa zoyanikamo fodya zinali zitandandalika zopanda kanthu, ndipo kuseri kwake kunali timanyumba ta matenanti, anthu amene amabwera ndi mabanja awo kudzalima fodya pamunda wa mwini esiteti. Ambiri anali ochokera kutali, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Machinga. Madzulo ndinkamva ana akuitanidwa m'zinenero zimene sindinkazidziwa.

Amanijala anali bambo wamtali wa chipewa chotuwa, wosachulutsa mawu. Anayang'ana manja a achemwali asanayang'ane nkhope yawo.

"Ndinawauza a ku ofesi kwanu kuti ndikufuna munthu woti akhale mpaka tiwokere. Mukhala?"

"Eya, bwana."

"Sukulu ikatsegulidwa mvula isanagwe?"

"Anati andimasula, bwana."

"Chabwino. Nazale ndi yanu."

Anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba ya kalaliki. Munali bedi limodzi la zingwe, ndipo tinkagona mutu uku wina uku.

Nazale inali kudambo, pafupi ndi kamtsinje. Ine ndinkaganiza kuti ntchito ya fodya ndikuidziwa, popeza bambo ankalimanso, koma kwathu mabedi anali owerengeka. Kuno anali ochuluka moti munthu wa kumapeto ankaoneka ngati mwana. Choyamba anaunjika mapesi a chimanga pamabedi n'kuwayatsa, kuti moto uphe tizilombo ndi mbewu za udzu m'nthaka. Utsi unatiliza tonse. Kenako kunabwera kufesa. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, sungaimwaze ndi dzanja. Achemwali ankaithira m'kheni ya madzi, n'kumatakasa ndi kamtengo kwinaku akuyenda, kuti isakhazikike pansi n'kugwera malo amodzi. Pomaliza ankaphimba ndi udzu wopyapyala. Kuyambira pamenepo moyo wathu unali madzi: kuthirira m'mawa dzuwa lisanakwere, kuthiriranso likamapendeka.

Poyamba amuna sankawamvera. Achemwali akanena kanthu, amunawo ankayang'ana kwa kapitawo kuti aone ngati avomereza. Amene anathetsa zimenezi anali mayi wina wa ku Thyolo, wamfupi, wa mpata m'mano, amene ankabereka mwana kumbuyo kwinaku atanyamula makheni awiri.

"Inu amuna, mukuyang'ana chiyani kumeneko? Abwana ndi awa a chitenje ndi majombowa. Ino ndi nthawi ya matipate, ngakhale siketi ikulamula."

"Kunyumba kwanu ndiye inayamba kalekale kulamula," anayankha mwamuna wina, ndipo mwamuna wa mayiyo, amene anali pomwepo, anaseka kuposa onse.

Inenso mayiyo sanandisiye. "Nanga aka lilime kanaliiwala ku Dowa? Abwana, mukadzapita mudzakatengere, mwina agalu sanadye."

Ndinkangoweramitsa mutu, koma ndinkawakonda. Masana ankandiitana pamthunzi n'kundipatsa mbatata yootcha, osandifunsa funso lililonse lofuna yankho.

Sindinawaonepo achemwali ali osangalala ngati masiku amenewo. Kunyumba anali munthu wosamala, wolankhula motsitsa mawu. Kunazale ankafuula, ankaseka, ankathamanga pakati pa mabedi majombo akulira. M'mawa wina anandikoka dzanja, n'kugwada, n'kukweza udzu pang'ono. Pansi pake panali timadontho tobiriwira tating'ono kwambiri, ngati munthu wawaza ufa wa masamba.

"Ukuona? Zamera mofanana. Palibe pamene padzadza, palibe pamene pali dazi."

Tsiku lomwelo amanijala anayenda m'mabedi onse manja ali kumbuyo. Atafika kumapeto anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Mbande izi tikaziwokera muli pano, ndikulembani. Mukamalize sukulu yanuyo, nyumba muipeza."

Madzulo amenewo achemwali anandifunsa mtundu wa makatani amene ndingakonde m'chipinda changa ndikamadzabwera pa holide. Ndinati abuluu. Za mtedza sitinatchulenso. Nthawi zina ndinkafuna kufunsa, koma ndikaona nkhope yawo ndinkameza funsolo.

Mbande zinali zitatulutsa masamba ngati makutu a mbewa pamene kunabwera galimoto. Unali m'mawa, tikuthirira. Tinaona fumbi pamsewu wotsikira kudambo, kenako galimoto yoyera inaima pafupi ndi mpanda wa nazale. Woyamba kutsika anali bambo athu. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi, ndipo m'khwapa anali atapanira tambala womangidwa miyendo. Nkhope yawo inkawala. Pambuyo pawo panatsika bambo wina wa magalasi ndi imvi m'mbali mwa mutu.

Achemwali anaika kheni pansi pang'onopang'ono. Madzi anapitiriza kutuluka n'kumanyowetsa majombo awo.

Zimene zinachitika tinazimva pambuyo pake. Adokotala anali akuyendera ophunzira awo m'midzi kuti aone mmene kafukufuku akuyendera. Atafika ku Nachisaka anafunsa alimi ngati kunabwera mtsikana wofunsa za mtedza, ndipo palibe amene anamuona. Anthu anawalozera kwathu. Bambo atamva kuti aphunzitsi a mwana wawo afika pakhomo, anayala mphasa yatsopano, anathamangitsa ana kuti agwire tambala, n'kunena monyadira kuti mwanayo ali kale pantchito ku esiteti. Anadzipereka kuti awaperekeze, ndipo njira yonse ankawathokoza.

"Adokotala, mwana wanu ndi uyu," anatero bambo pampanda paja. "Onani zimene mwamuphunzitsa. Ife makolo tinangobereka, koma munthuyu mwamupanga ndi inu."

Achemwali anagwada n'kupereka moni. Adokotala anayankha bwinobwino. Sanali munthu waukali. Anayang'ana mabedi, anayang'ana majombo, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Anakutumizani kuno ndani?"

"Amayi a ku ofesi ya zantchito."

"Ofesi iti?"

"Ya kumapeto kwa khonde, pafupi ndi laibulale."

Adokotala anaganiza pang'ono. "Muja munkasungidwa mipando yothyoka? Muli ofesi tsopano?"

Matenanti anali atasiya kuthirira. Amanijala anafika kuchokera kuzigafa, anapereka moni, n'kuima pambali akumvetsera.

"Nanga mtedza?" anafunsa adokotala. "Mwafunsa alimi angati?"

Achemwali anali chigwadire, akuyang'ana pansi.

"Mtedza wanjinso?" anatero amanijala. "Akulu, kuno timalima fodya."

Pamenepo adokotala anafotokoza zonse, pamaso pa bambo, pa amanijala, pa matenanti ndi ana awo. Anati wophunzirayu ali ndi kafukufuku amene ayenera kutha sukulu isanatsegulidwe, ndipo nthawi yatsala yochepa. Anati sukulu ikatsegulidwa palibe amene amamasulidwa, chifukwa chaka chomaliza n'chodzaza ndi mayeso. Anati palibe munthu anawafikapo ndi nkhani ya esiteti.

"Ine anandiuza kuti akhala mpaka tiwokere," anatero amanijala. Anatembenukira kwa achemwali. "Ndinakufunsani tsiku loyamba lija. Munati eya."

"Amayi aja anati alankhula nawo, bwana."

"Nanga inu mulibe pakamwa?"

Bambo anayesa kulowererapo. Anasuntha tambala kumuika kukhwapa lina. "Pepani, mabwana. Mwanayu tinamulera kuti asamalowe pakati pa akuluakulu. Ngati pali cholakwa, ndi cha ife makolo. Koma poti nonse awiri muli pano, bwanji mukambirane? Ife tikhala apo tidikire."

Ndikamakumbukira tsiku limenelo, chimene chimandipweteka kwambiri si mawu a amanijala. Ndi zimene adokotala anachita kenako. Analowa m'nazale, anagwada pabedi lina osasamala buluku lawo, anakweza udzu n'kuyang'ana mbande nthawi yaitali. Anafunsa mmene achemwali anafesera ndi mmene ankathirira, ndipo achemwali ankayankha. Adokotala anaimirira akupukusa mutu.

"Iyi ndi ntchito yabwino kwambiri. Ndikanadziwa tisanatseke, ndikanakupatsani kafukufuku wa nazale yomweyi. Mukanachita zonse ziwiri pamalo amodzi. Ndakhala ndikufuna esiteti yoti ophunzira anga azichitirako zoterezi, koma sindidziwana ndi aliyense."

"Ndiye sinthani lero," anatero amanijala. "Fufutani mtedza, lembani fodya."

"Sindingathe. Mitu ya kafukufuku inavomerezedwa kale ndi komiti, ndipo komitiyo sikhalanso mpaka chaka chamawa."

Amanijala anaseka, koma sikunali kuseka kwa chisangalalo. "Mbande sizidikira komiti, akulu." Anavala chipewa. "Mayi, sankhani. Mukachoka tisanawokere, ine ndiyang'ana wina. Sindikukuopsezani. Fodya ndi wa eni ake, ine ndimangoyang'anira."

Panalibe chosankha. Popanda digiri amanijala omwewo sakanatha kuwalemba ntchito imene analonjeza, ndipo zaka zonse zimene bambo anavutika zikanapita pachabe. Achemwali anavula majombo pomwepo, chifukwa anali a esiteti, n'kuwaika pampanda. Anayenda opanda nsapato kukalongedza katundu.

Bambo anatsala ataima ndi tambala wawo. Sankadziwa kuti atani naye. Mphatso inali itanenedwa kale, ndipo kubwerera nayo kunyumba kukanakhala chipongwe. Anagwira ndi manja awiri n'kupereka kwa adokotala. Adokotala anakana kawiri, kachitatu analandira, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene akufuna nthaka itseguke.

Mayi wa ku Thyolo uja anatipeza tikumanga mtolo. Sanachite nthabwala. Anathandiza kupinda bulangete, n'kunena kuti, "Abwana, ndiye mabediwa tiziti ndi a ndani?"

"Muzithirira m'mawa kwambiri, amayi. Udzu muyambe kuchotsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi."

"Ife tikudziwa zimenezo. Ndikufunsa kuti tiziti ndi a ndani."

Tinabwerera pa galimoto ya adokotala, ine, bambo ndi achemwali kumbuyo, tambala pamapazi athu. Bambo ndiwo ankauza dalaivala pokhota.

Masabata otsalawo achemwali anayenda m'midzi ya ku Nachisaka kufunsa za mtedza. Ankachoka m'mawa, ankabwera fumbi lili m'miyendo. Alimi ankawalandira bwino, ankawatulutsira malichero a mbewu kuti aone. Anamaliza ntchito yonse mosamala, monga ankachitira chilichonse. Koma kuthamanga ndi kufuula kuja kunatha. Bambo anasiya kuyimba pakhonde. Sanawakalipire achemwali ngakhale kamodzi, ndipo ndikuganiza kuti zikanakhala bwino akanakalipa.

Pa holide ya Khirisimasi, mvula itagwa kale, achemwali anandiuza kuti anapita kukaonana ndi amayi a ku ofesi aja. Anapita ali ndi mawu ambiri mumtima, koma anawapeza amayiwo atamva kale, ndipo anayamba ndi iwo kulira. Anati anayesadi. Anapita ku chipinda cha adokotala kangapo n'kupeza chokhoma, chifukwa inali nthawi yochonga mayeso. Anapempha kuti akalankhule pamsonkhano wa aphunzitsi, koma anauzidwa kuti msonkhanowo ndi wa ophunzitsa okha, a m'maofesi salowamo. Anasiya uthenga kwa mlembi, ndipo mlembiyo anapita ku maliro. Kenako holide inayamba, ndipo iwo anaganiza kuti wophunzirayo wakambirana yekha ndi mphunzitsi wake, monga amachitira ana okulira m'tauni.

"Ndiye wolakwa ndani?" ndinafunsa.

"Ndakhala ndikumufunafuna," anatero achemwali. "Sindikumupeza."

Inenso ndinamufunafuna m'kabuku kanga kwa miyezi yambiri. Ndinkalemba, n'kufufuta. Adokotala ankadziwa zimene wophunzira aliyense amatha, koma sankadziwa kumene kuli ntchito. Amayi aja ankadziwa kumene kuli ntchito, koma sankadziwa zimene ophunzira apatsidwa kuti achite ndi nthawi imene ayenera kuchita. Aliyense anali ndi theka la chinthu chimene achemwali ankafunikira chathunthu. Zipinda zawo zinali pakhonde limodzi. Akanangomwera tiyi pamodzi masana amodzi mitu ya kafukufuku isanagawidwe, amayiwo n'kunena maesiteti amene akufuna anthu, adokotala n'kunena ophunzira amene angayenere kumeneko, bwenzi nkhani ino palibe. Sindine wophunzira kwambiri pa zoyendetsa masukulu aakulu, koma ndinaona kuti pamalo onse aja munthu yekhayo amene ankayenda pakati pa zitseko ziwirizo anali wophunzira, ndipo wophunzirayo anali mwana wa ku Nachisaka amene anaphunzitsidwa kudikira.

Achemwali anakhoza bwino. Kafukufuku wawo wa mtedza anayamikiridwa. Bambo ndi amayi anapita kukaona akulandira digiri, ndipo chithunzi cha tsikulo chinapachikidwa pakhoma pafupi ndi mtanda. Achemwali atabwera kunyumba, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku esiteti kuja kamodzi kokha, mwina mtima wa amanijala unasintha.

Tinawapeza ali pasikelo. Anatilandira mwaulemu, anatiitanira mipando. Anati mbande zija zinachita bwino kuposa zaka zonse, ndipo fodya wake anagulidwa bwino ku okushoni. Koma ntchito anali atapatsa kale mnyamata wina wochokera kusukulu ina yaing'ono ya zaulimi, amene anafika mvula isanagwe n'kukhala mpaka kumapeto.

"Sadziwa zambiri ngati inu," anatero. "Koma analipo."

Anawonjezera kuti amayi a ku ofesi aja anaimbanso foni kupempha malo a ophunzira ena, ndipo iwo anakana. "Ndinawauza kuti ayambe agwirizana okhaokha kumeneko. Ine sindingamalandire ana a nyumba imene bambo ndi mayi salankhulana."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mayi wa ku Thyolo uja, koma anatiuza kuti banja lawo linasamukira ku esiteti ina fodya atagulitsidwa. Pobwerera tinadutsa pafupi ndi dambo. Achemwali anayang'ana kumbali ina.

Pambuyo pake anayamba maulendo a ku Lilongwe. Ankadzuka m'mawa, ankasita bulauzi yoyera, ankakwera minibasi pa Boma. Kulikonse ankafunsidwa funso limodzi, ngati anagwirapo ntchito kwinakwake. Poyamba ankatchula nazale ija. Akafunsidwa kuti anakhalako mpaka liti ndipo anachokeranji, nkhani inkatalika, ndipo ankaona nkhope za ofunsawo zikutseka. Kenako anasiya kuitchula. Miyezi itapita, maulendo anayamba kutalikirana, mpaka bulauzi ija inayamba kuvalidwa popita kutchalitchi basi. Tsiku lina ndinapeza amayi akumwera tiyi m'kapu imodzi mwa zija anabisa pansi pa bedi. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ya masiku onse yathyoka chogwirira.

Nthawi imeneyo sukulu za pulayimale zinali zitakhala zaulere, ndipo ana anakhamukira kusukulu ochuluka kuposa zipinda ndi aphunzitsi. Boma linkatenga aliyense wodziwa kuwerenga kuti akathandize. Abambo a pa parishi anauza bambo kuti pasukulu ina kuseri kwa phiri pakufunika munthu. Achemwali anapita. Anawapatsa Sitandade 1, pansi pa mtengo wa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Aphunzitsi anzawo anali anyamata ndi atsikana amene anangomaliza Fomu 2 kapena Fomu 4, ndipo ankawatchula kuti "adigiri", ena mwaulemu, ena moseka.

Ndinapitako kamodzi ndili pa holide yapakati. Ana anali atakhala pafumbi mpaka kunja kwa mthunzi, ena atabereka ang'ono awo. Kuti a kumbuyo amve, achemwali ankayenera kukuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, mphepo ikuwalanda mawu. Ankawakonda anawo, ankawapukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. Koma ndikawayang'ana ndinkaona munthu amene wavala zovala za mwini.

Ine ndinali nditafika Fomu 4. Asisitere ankatilimbikitsa kuti tilimbike kuti tikafike ku yunivesite, ndipo ankanditchula ine monga chitsanzo, poti mkulu wanga anafikako. Ndinkangogwedeza mutu. Ndinkawerengabe, koma sindinkadziwanso kuti ndikuwerengera chiyani.

Masiku ena achemwali ankafika kunyumba mawu atatheratu. Ankaloza pakhosi n'kukhala pakhonde, choko chili m'zikhadabo. Ndinkawawiritsira madzi, n'kufinyiramo ndimu. Madzulo ena ndikuwapatsa kapu, ndinawafunsa ngati sangapume tsiku limodzi kuti pakhosi papole. Anapukusa mutu. Anamwa pang'ono, n'kundikodola kuti ndiyandikire, chifukwa mawu awo sankafika patali.

"Sindingajombe," ananong'ona. "Mawa tikuyamba a, e, i, o, u."